Zipewa Ziwiri Pamwamba pa Firiji

Kodi mungalote kuti mwana wanga Dontrell anavala chipewa chiti pa tsiku losaina? Ndikuthandizeni pang'ono. Pamwamba pa firiji yathu panali zipewa ziwiri kuyambira mwezi wa Seputembala. Chofiira anagula ndi bambo anga, a Odell Pettway. Chabuluu anagula ndi mwamuna wanga, Royce. Yambani mwalota, ine ndikusimbireni mmene zinayendera.

Kwathu kuno ku Alabama, mnyamata wodziwa mpira wathu uja wonyamula m'manja akamatsiriza sekondale sangonena pakamwa koleji yomwe akupita. Amamuikira tebulo m'holo ya sukulu, pamaso pa anzake ndi makolo, ndipo patebulopo amandandalika zipewa za makoleji omwe akumufuna. Chomwe wanyamula n'kuvala, kumeneko ndiye wasankha. Akatero amasaina, ndipo koleji ija imamuphunzitsa, kumudyetsa ndi kumugoneka mwaulere, iye n'kumavala chisoti ndi kugundana ndi anzake Loweruka lililonse.

Dontrell anali ndi mwayi womwe anyamata ambiri amangoulota. Makoleji awiri akuluakulu ankamufuna: Pinckard State ya kuno kwathu, yomwe imasewera m'ligi ya Kummwera, ndi Wendover ya ku Ohio, yomwe imasewera m'ligi ya Kumpoto. Ine ndimalandira odwala kuchipatala cha mano, Royce amagwira ntchito kufakitale ya mapepala. Popanda mpira, khomo la koleji yaikulu silikanatseguka kwa mwana wathu. Aliyense m'nyumba ankadziwa zimenezi.

Vuto linali lakuti Royce anabadwira ku Ohio, ndipo iye ndi bambo anga anayamba kukangana za maligi awiriwa Dontrell asanabadwe. Bambo anga amakhala m'kanyumba ka kuseri kwathu, choncho mkanganowo sunkafuna galimoto kuti ufike patebulo langa. Unkangodutsa pakapinga utavala masilipasi.

"Mkamwini," ankatero bambo anga akudzithirira tiyi wozizira, "timu yakumchira kwenikweni m'ligi yathu, mutainyamula n'kukaiponya kwanuko, ikhoza kutenga chikho ikuyasamula."

"Apongozi, mwayambanso? Bwerani mudzasewere kwathu mu Novembala chipale chikugwa. Anyamata anuwo akangoona mpweya wawo ukutuluka ngati utsi, amayamba kuitana amayi awo."

"Mpira wa m'firiji umenewo. Anyamata onenepa akukankhana ngati ng'ombe pachipata. Kuthamanga sakudziwa n'komwe."

"Nanga bwanji matimu anu akugonjagonja chaka chino?"

"Chifukwa akusewera okhaokha! Mkango ukaluma mkango unzake, munganene kuti mikango yafooka?"

"Ohoo. Tikagonja ife, ligi ndi yofooka. Mukagonja inu, ligi ndi yamphamvu. Masamu amenewa munaphunzira kuti, bambo?"

Zaka zonsezi ndinkangoseka kapena kukweza wailesi. Koma chaka chimenecho mkangano unapeza nyama yeniyeni yolimbirana, ndipo nyamayo anali mwana wanga.

Tsiku limodzi lokha ndi lomwe awiriwa anagwirizana. Mu Okutobala kunabwera kochi wa koleji yaing'ono ya Tensaw, a Womack, bambo wamtali wolankhula motsitsa, pagalimoto yakale yopanda chitseko chakumbuyo. Anadya mlamba wokazinga womwe ndinawapatsa, n'kufunsa Dontrell chomwe ankafuna kukaphunzira. Mwanayo anati za nkhalango ndi mitengo. Ndinadabwa, chifukwa ine mayi wake sindinali nditamvapo. A Womack anasiya chipewa chobiriwira patebulo n'kutsanzika. Galimoto yawo isanakhote n'komwe, bambo anga anali atagwira kale pamimba.

"Tensaw! Si aja timawaitana chaka chilichonse kudzapukutirapo nsapato?"

"Ligi yawo dzina lake n'chiyani kodi?" anafunsa Royce akupukuta misozi ya kuseka. "Ili nalo dzina?"

Bambo anga anatenga chipewacho n'kunena kuti chiziwatchinjiriza ku dzuwa powotcha nthiti. Chinakapachikidwa pamsomali pafupi ndi chowotchera nyama, ndipo nkhani ya Tensaw inathera pomwepo.

Pa Tsiku Lothokoza, kumapeto kwa Novembala, ndinaphika nkhukundembo, mbatata, ndiwo zamasamba ndi chigumu. Ndinali nditawachenjeza onse awiri kuti patebulo langa pasamveke mawu oti ligi. Analonjeza. Tinapemphera, tinayamba kudya, ndipo lonjezo lija linafa nyama isanazungulire tebulo.

"Pinckard inagonjetsa Dunmore," anayamba motero bambo anga, akuloza ndi foloko. "Dunmore inagonjetsa timu ija inakuswani mu Seputembala. Ndiye mukufunanso umboni wanji?"

"Mukatsata njira imeneyo, apongozi, mupeza kuti kwaya ya kutchalitchi kwathu ndi akatswiri a dziko lonse."

"Mdzukulu wanga sangapite kukaundana ndi chisanu m'ligi ya ana."

"Mwana wanga sangakakhale pabenchi zaka zitatu akuombera m'manja anzake, chifukwa choti agogo ake akufuna kukadzitama kometetsa."

"Mufunseni mwini wake," ndinatero ine. "Ali pompano. Ali ndi pakamwa."

Onse anatembenukira kwa Dontrell. Mnyamata yemwe pabwalo amagwetsa anthu olemera kumuposa anangoyang'ana m'mbale mwake ngati mwana wogwidwa akuba shuga.

"Kulikonse ndi kwabwino," anatero.

"Mwamva? Akuti kummwera," anatero bambo anga.

"Wanena liti zimenezo?"

Pamenepo ndi pomwe bambo anga anatulutsa nzeru yomwe mpaka lero ndikaikumbukira mutu umandiwawa. Tsiku loyamba losaina limakhala mu Disembala. Koma masewero a zikho, pomwe matimu a maligi osiyana amakumana, amayamba cha ku Khirisimasi mpaka Chaka Chatsopano. Pambuyo pake pamakhala tsiku lina losaina, mu Febuluwale.

"Tisakangane ngati ana," anatero iwo. "Tidikire zikho. Maligi akakumane pabwalo. Ligi yomwe ipambane masewero ambiri, mnyamatayu apita kumeneko. Mkamwini, mukuopa?"

"Ine ndiope? Bweretsani dzanja."

Anagwirana chanza pamwamba pa nkhukundembo yanga. Ndinawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ndinawauza kuti makoleji sadikira munthu. Bambo anga anati mnyamata ngati Dontrell amadikiridwa. Royce anati ku Wendover ndi anthu aulemu, mawu awo ndi amodzi. Kenaka ndinapita naye Dontrell kukhitchini, ngati kuti akandithandize kutsuka mbale.

"Iwe, sankha wekha. Usaine mu Disembala. Awa asiye ndi phokoso lawo."

"Amayi, ndikavala chofiira, adadi sadzandiyang'ana kumaso. Ndikavala chabuluu, agogo sadzabwera kudzandionera ngakhale kamodzi. Bola mpira usankhe. Palibe amene adzanene kuti ndamukana."

Ndinaona kuti mapewa ake atsika koyamba m'miyezi itatu.

Sabata yotsatira a Gaines, kochi wa kusekondale kwawo, anandipeza poimika magalimoto kutchalitchi.

"Mayi a Dontrell, ndikumva zoona? Akuti mukudikira zikho?"

"Si ine, aphunzitsi. Ndi madoda awiri aja."

"Auzeni kuti malo a m'timu ali ngati mipando ya m'basi. Ukatsika kukagula chimanga, umapeza wina wakhalapo."

Ndinakawauza mawu omwewo. Bambo anga anati a Gaines sanaphunzitsepo timu ya m'ligi yaikulu. Royce anati aimba foni ku Wendover, ndipo ataimba anabwera akumwetulira, akuti amuuza kuti amamukondabe mwanayo. Ndinamufunsa ngati anena kuti amusungira malo. Anati kukonda ndi kusunga n'chimodzimodzi.

Tsiku losaina la mu Disembala linafika. Anzake a Dontrell anavala zipewa zawo, amayi awo akulira ndi kujambula. Wanga anakhala kumbuyo kwa holo akuomba m'manja. Zipewa zake zinali pafiriji, zikutola fumbi.

Kenaka zikho zinayamba, ndipo nyumba yanga inasanduka bwalo la milandu. Masewero oyamba anali pakati pa timu yakumpoto ndi Cahaba, ya m'ligi ya Kummwera. Muyenera kudziwa kuti bambo anga amadana ndi Cahaba kuposa njoka. Ndi mdani wamkulu wa Pinckard, ndipo chifukwa choti amavala malaya a mtundu wa lalanje, mtundu umenewo sunalowepo m'nyumba yomwe ndinakuliramo. Mayi anga anabwezapo makatani kusitolo chifukwa cha zimenezi. Koma tsiku limenelo ndinapeza nkhalamba ija itaimirira patsogolo pa kanema ikukuwa kuti, "Thamanga, mwana wanga, thamanga!"

"Bambo, mukuchemerera Cahaba?"

"Lero si Cahaba. Lero ndi ligi."

Cahaba inagonja. Royce anavina kuchokera pabalaza mpaka kukhonde.

"Amenewa sawerengedwa," anatero bambo anga. "Osewera awo abwino anakana kusewera, akusunga miyendo kuti akalembedwe m'matimu olipira. Mwagonjetsa ana a chaka choyamba."

Mawa lake timu yakummwera inaswa yakumpoto mochititsa manyazi.

"Amenewanso sawerengedwa," anatero Royce. "Aseweretsa ku Florida, kuseri kwa nyumba yanu. Anyamata athu achoka m'chipale n'kukagwera m'ng'anjo."

"Paja munkati chiyani za nyengo, mkamwini?"

"Inu dzulo munkati chiyani za kugonja?"

Zinapitirira choncho mpaka Chaka Chatsopano. Timu ikapambana, umenewo unali umboni. Ikagonja, panali chifukwa: woimbira anali wakhungu, woponya mpira anali ndi chimfine, kochi anali atalandira kale ntchito kwina ndipo mtima wake sunali pamenepo. Dontrell poyamba ankaonera nawo. Kenaka anayamba kumapita kukathamanga masewero akangoyamba. Palibe mwa awiriwo anaona kuti mpando wake uli wopanda munthu.

Zikho zitatha, maligi awiriwa anali atapambana mofanana. Ndinaseka, koma si kuseka kwa chimwemwe.

"Ndiye mwapeza chiyani, akuluakulu? Mwana wanga tim'dule pakati?"

"Patsala masewero otsiriza," anatero bambo anga. "Katswiri wa dziko lonse akachokera m'ligi yathu, nkhani yatha."

"Akachokera m'ligi yathu, yathanso," anatero Royce.

Katswiri wa dziko lonse chaka chimenecho anachokera m'ligi ya Kumadzulo, yomwe onse awiri ankati ndi ya anthu osambira m'nyanja.

Lolemba lina mu Januwale ndinaweruka msanga, ndipo ndinapeza galimoto ya Dontrell ili pakhomo, injini itazima, iye ali momwemo. Manja ake anali pachiwongolero. Ndinatsegula chitseko cha mbali inayo n'kukhala pampando.

"Chavuta n'chiyani?"

"A Wendover atenga wina, amayi. Mnyamata wosamuka kukoleji ina. Akuti sakanatha kudikira."

"Nanga Pinckard?"

"Ndaimbanso. Akuti ndikhoza kupita, koma modzilipirira. Ndizikayeserera limodzi ndi ena, mwina chaka chamawa akhoza kundiganizira." Anachotsa manja pachiwongolero. "Kochi wake anandifunsa dzina kawiri."

Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Tinalowa m'nyumba. Bambo anga ndi Royce anali pakhonde lakuseri, ndipo ndinawauza ndili chiimire. Ndinaganiza kuti tsopano amva. Royce anagwira kumutu. Bambo anga anayang'ana pansi. Kenaka anakweza maso.

"Komabe mwaona kusiyana kwake," anatero motsitsa. "Kwathu sanamutsekere chitseko. Anthu aulemu aja ndi amene am'taya."

"Sanamutsekere? Akufuna akakhale thumba lomenyapo anzake, kwinaku akudzilipirira!"

"Chifukwa m'ligi yathu osewera abwino ndi ochuluka ngati mchenga. Kwanuko akanakhala mfumu, n'zoona, pakuti..."

"Khalani chete!"

Sindinayambe ndawakalipirapo bambo anga chibadwire. Mawuwo anatuluka okha.

"Nonse awiri, khalani chete! Mwana wataya sukulu, inu mukadali pa ligi? Ligi imeneyo inakuphikiranipo chakudya? Ikudziwa dzina lanu? Bambo, inu ku Pinckard simunaphunzireko ngakhale tsiku limodzi. Bambo a Dontrell, inu Wendover mumangoiona pakanema ngati ine ndemwe. Mwatenga tsogolo la mwana n'kukabetchera pa anyamata a eni omwe sakudziwani n'komwe!"

"Lavonne, mwana wanga..."

"Ndani mwa inu akudziwa chomwe akufuna kukaphunzira? Nenani. Ndikudikira."

Anayang'anana. Royce anati mwina zamalonda. Bambo anga anati zamasewero. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga zipewa zija pafiriji, n'kukaziponya pamiyendo pawo. Nditacheuka, Dontrell panalibe. Ndinamuona pawindo ali kumapeto kwa bwalo, pansi pa mtengo wa paini, foni ili kukhutu. Analankhula nthawi yaitali. Atabwerako ndinamufunsa kuti amalankhula ndi yani, koma anangondigwira paphewa n'kulowa kuchipinda kwake.

Masabata otsatira m'nyumba munali bata lonyenga. Bambo anga anayamba kunena zogulitsa bwato lawo lophera nsomba kuti mdzukulu wawo akayambe ku Pinckard modzilipirira. Royce ankaimba ku Ohio pa nthawi yopuma kuntchito, ndipo tsiku lililonse ankabwera ndi mphekesera yakuti mnyamata wina akhoza kuchoka, malo n'kupezeka. Aliyense ankandinong'oneza payekha kuti zinthu zikuyenda. Palibe anapepesa. Pamaso panga sankatchula ligi, koma ndikangotuluka ndinkamva manong'onong'o akuyambiranso ngati madzi a pachitofu.

Kumayambiriro kwa Febuluwale a Gaines anandiimbira.

"Mayi a Dontrell, Lachitatu mubwere kuholo. Mnyamata wanu ali ndi tebulo."

"Tebulo la kuti, aphunzitsi?"

"Wandipempha kuti ndisanene. Akuti m'nyumba mwanu nkhani ikalowa imatuluka ili ndi mabala."

Nditamufunsa mwini wake, anati, "Mudzaona konko, amayi. Mukadziwa inu, nkhope yanu idzauza adadi ndi agogo."

Nkhaniyo itamveka, madoda aja anatsitsimuka ngati maluwa othiriridwa. Bambo anga anati n'zodziwikiratu kuti Pinckard yazindikira kulakwa kwake. Royce anati mafoni ake abala zipatso. Aliyense anasasa fumbi chipewa chake. Lachitatu m'mawa bambo anga anatulukira atavala suti ya kumaliro ndi tayi wofiira, Royce atavala juzi yabuluu ngakhale kunja kunali kofunda.

Tinakwera galimoto imodzi. Dontrell anakhala kumbuyo pafupi nane, chikwama chake cha mabuku atachikumbatira pamiyendo. M'galimotomo munkamveka kafungo ka utsi ndi mafuta a nyama, ndipo ndinaganiza kuti ndi suti ya bambo anga.

"Mdzukulu," anatero bambo anga osacheuka, "ukakavala, ukayang'ane kumene kuli makamera. Anthu a kometetsa akufuna chithunzi."

"Musiyeni mwana, apongozi. Buluu amaoneka bwino pachithunzi ngakhale osayang'ana."

Holo inali yosadzaza ngati mu Disembala. Panali matebulo ochepa, anyamata omwe anatsalira, makolo awo, ndi gulu la anzawo a m'timu. Tisanakhale pansi, bambo anga anapita kukaika chipewa chofiira patebulo la Dontrell. Royce anathamangira kukaika chabuluu pambali pake, n'kuchisunthira kutsogolo pang'ono. Bambo anga anabwerera kukasuntha chawo. A Gaines anachita kuwaperekeza kumipando ngati ana a sukulu ya mkaka.

Ndinakhala pakati pawo, poganiza kuti thupi langa likhala mpanda. Sizinathandize. A Gaines ali mkati mofotokoza za khama la mwana wanga, za mmene ankafikira woyamba pabwalo ndi kuchoka womaliza, bambo anga anaweramira kumbuyo kwa msana wanga.

"Mkamwini, mwawerenga kuti ndi ligi iti yatumiza anyamata ambiri kumatimu olipira chaka chino?"

"Kutumiza ndi kusewera n'zosiyana, bambo. Theka la anuwo amakangonyamula matawulo."

"Matawulo? Tchulani mmodzi."

"Ndikutchulirani asanu."

Dontrell anaimirira. Anathokoza Mulungu, a Gaines ndi anzake. Anathokoza ine ponditchula dzina. Anayang'ana komwe kunali bambo ake ndi agogo ake, n'kudikira pang'ono kuti mwina atembenuka. Iwo anali pa dzina lachitatu, akutsutsana ngati mnyamatayo anavulala bondo kapena anangochotsedwa. Ndinawagunda ndi zigongono mbali zonse ziwiri, koma aliyense anangosendera kuti apitirize kulankhula modutsa mutu wanga.

Mwana wanga anayang'ana zipewa ziwiri zija patebulo. Sanakhudze chilichonse. Anawerama n'kutsegula chikwama chake, ndipo anzake kumbuyo anayamba kukuwa ndi kumenya mapazi pansi. Phokoso limenelo ndi lomwe linadzidzimutsa madoda aja. Atakweza mitu, anapeza atasaina kale, cholembera chili pansi, chipewa chili kumutu.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Royce.

"Si changa chija?" anatero bambo anga.

Chinali chobiriwira, cha Tensaw, chija bambo anga ankavala powotcha nthiti.